Fodya wa Pachala ndi Mikono ya Anyamata a New York Mets

Mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, unapekedwa ndi anthu amene sanaonepo masewero a baseball, komabe ndi ochepa padziko amene akufunika kuumvetsa kuposa ochemerera timu ya New York Mets ku America. Timuyi inatenga komaliza chikho cha World Series, mpikisano wotsekera chaka umene umasankha akatswiri, mu 1986, ndipo kuyambira pamenepo ochemerera ake akhala ndi mwambo woti nyengo ya masewero ikangotha amayamba kusanja mndandanda wa osewera a zaka zitatu zikubwerazo, n'kuika m'malo ofunika kwambiri anyamata amene akadali m'maligi ang'onoang'ono, kumene timu iliyonse imalererako osewera ake. Ambiri mwa osanja mndandandawo anyamatawo sanawaonepo ndi maso, koma zimenezi siziwaletsa kukangana mpaka usiku za amene adzakhale woyamba ndi amene adzakhale wachitatu.

Chiyembekezo chimachuluka kwambiri pa woponya mpira, amene amaima pakachulu kotalikirana ndi womenya mamita 18 n'kuponya mpira pa liwiro lotha kufika makilomita 160 pa ola. Mkono wa munthu sunalengedwere ntchito yotere, choncho kamtsempha kolumikiza mafupa a pachigongono kamaduka kawirikawiri, ndipo ngakhale kuti dokotala Frank Jobe anapeza njira yokalowetsa m'malo mu 1974, pa opaleshoni imene mpaka lero imadziwika ndi dzina la woponya woyamba kuichitidwa, Tommy John, wodwalayo amatha chaka kapena kuposerapo asanabwerere m'bwalo. Mphepo ya m'mwambi uja, m'masewerowa, imakonda kuomba kuchokera pachigongono ndi paphewa.

Cha m'ma 1995 ochemerera Mets anali ndi fodya wa pazala zitatu nthawi imodzi, amene anali Bill Pulsipher, Jason Isringhausen ndi Paul Wilson, womalizayu atasankhidwa woyamba pa anyamata onse a m'dzikomo mu 1994. Anawapatsiratu dzina lakuti Generation K, chifukwa K ndi chilembo chimene olemba zigoli amalemba woponya akatulutsa womenya pomuphonyetsa katatu, ndipo anthu anayamba kuwerengeratu zikho zimene zinali zisanasulidwe n'komwe. Onse atatu anavulala mikono pasanathe zaka zitatu. Isringhausen, ngati kuti kuvulala wamba sikunamukwane, anathyokanso dzanja mu 1997 atamenya chibakera bini ya zinyalala chifukwa cha mkwiyo, nkhondo imene biniyo inapambana mosavuta, ndipo chaka chomwecho anadwala chifuwa chachikulu. Anadzakhaladi katswiri pambuyo pake, monga woponya womalizitsa masewero, koma ukatswiriwo unadyedwa ndi matimu a Oakland ndi St. Louis.

Munthu wanzeru angaganize kuti mankhwala ake ndi kutsatira mwambiwo, kutanthauza kusinthitsa mnyamata wosadziwika tsogolo ndi wosewera wokhwima amene angathandize lero. Apa ndi pamene mwambiwu, ngakhale ndi wa akuluakulu, umachita manyazi pang'ono ukafika ku New York. Mu December 1971 akuluakulu a Mets anapereka Nolan Ryan, mnyamata woponya mwamphamvu koma mosalunjika, kuti atenge Jim Fregosi, amene anali ndi mbiri kale. Fregosi sanakhalitse, pamene Ryan anamaliza ntchito yake atatulutsa omenya 5,714 powaphonyetsa, nambala imene palibe waifikapo. Mu 2004 anabwerezanso popereka Scott Kazmir ku Tampa Bay kuti atenge Victor Zambrano, yemwe chigongono chake sichinachedwe kugonja. Ochemerera omwewo, amene amanyoza timu ikasunga anyamata n'kuvulala, amainyozanso ikawagulitsa n'kukawala kwina, ndipo pa milandu yonse iwiri aliyense wa iwo amakumbukira bwino lomwe kuti ananeneratu.

Chimene sananeneretu ndi Jacob deGrom, amene anasankhidwa m'chigawo chachisanu ndi chinayi cha chisankho cha 2010, atasewera nthawi yaitali pamalo ena osati oponya ku yunivesite ya Stetson, ndipo dzina lake silinkamveka m'mikangano ya madzulo ija. Iyeyu ndiye anapata mphoto ya Cy Young, yopatsidwa kwa woponya wopambana m'ligi, mu 2018 ndi 2019. Atapita ku Texas Rangers kumapeto kwa 2022, chigongono chinamugwiranso, moti timu yake yatsopanoyo inatenga World Series ya 2023 iye akuonerera atakhala pabenchi.