Mmene Mungaphere Injini ya Nitro Sabata Lisanathe

Pali azibambo aulemu wawo, ena aimvi kumutu, amene Loweruka likakwana amakwera pansanja rimoti ili m'manja n'kumathamangitsa timagalimoto totalika theka la mita. Musayerekeze kuwauza kuti akuseweretsa zidole. Akuuzani kuti kainjini kali mmenemo, ka 3.5cc, kamazungulira maulendo opitirira 30,000 pa mphindi, ndipo mtengo wake weniweni kunyumba sananene. Makampani monga O.S. Engines a ku Osaka, amene Shigeo Ogawa anayambitsa mu 1936, atha zaka zambiri akuvutikira kuti tiinjini timeneti tizikhalitsa. Koma luso la kampani silingapose khama la munthu amene wagwira sikuludiraiva ali ndi phuma. Ngati mwangogula yanu, bwana, nawa malangizo okuthandizani kuipha msanga, mwadongosolo, mlandu n'kugwera wina.

1. Buku la m'bokosi, yatsirani mbaula

Bukulo likuuzani zoti injini yatsopano imafunika kuizoloweretsa kaye. Chifukwa chake n'chakuti pisitoni ya injini zimenezi ilibe ring'i. Ndi ya aluminiyamu, imayenda mu silinda ya brass yokutidwa ndi chrome, ndipo silindayo anaipanga yothinirako kumtunda. Kuthina kumeneko ndiko kumagwira mpweya; ndiye chuma chonse cha injiniyo. Ikakhala yozizira pisitoni imachita kukakamira pamwambapo, ikatentha silinda imafutukuka n'kukwanirana bwino.

N'chifukwa chake anthu opanda chochita amayamba aitenthetsa ndi chowumitsira tsitsi asanailize, amaiyendetsa pang'onopang'ono ndi mafuta ochuluka, amaizimitsa kuti izizire pisitoni ili pansi, kenako amayambiranso. Buku la kampani ya Traxxas limafuna matanki asanu a mwambo woterewu. Matanki asanu, anthu akukuonani mukukwawa! Inu ilizeni m'mawa kukuzizira, ikangolira kokani moto wonse. Kandodo kolumikiza pisitoni kamva ululu wake mwakachetechete, ndipo kadzakubwezerani tsiku la mpikisano.

2. Singano zilipo kuti muzizipotokola

Pa kabuleta pali zomangira zitatu. Singano yaikulu imayeza mafuta olowa mukatsegula moto wonse. Singano yaing'ono imayeza mafuta galimoto ikamanyamuka kapena ikamayenda pang'ono. Chachitatu ndi sikuluwu yosiya kampata kosakwana milimita imodzi kuti injini isazime mukasiya moto. Mukapotokola singano mmene muvi wa wotchi umayendera mukuchepetsa mafuta, mukabweza, mukuonjezera.

Odziwa amayerekeza mutu wa singano ndi nkhope ya wotchi, ndipo amasuntha ola limodzi lokha, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 12 a kuzungulira kwathunthu. Amadikira injini itenthe, amayamba ndi singano yaikulu, amayendetsa kangapo, amamvetsera, kenako n'kukhudza yaing'ono. Ofuna kudziwa ngati yaing'onoyo ili bwino amatsina paipi ya mafuta: injini ikalira masekondi atatu kapena anayi, n'kukweza mawu pang'ono, n'kuzima, ndiye kuti zili pafupi.

Zonsezi n'zotayitsa nthawi. Potokolani zitatu zonse nthawi imodzi, ina uku ina uko, injini ili yozizira. Musalembe pamene fakitale inaziika. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti zikasokonekera palibe munthu padziko lapansi, ngakhale amene anaipanga, angadziwe chimene mwalakwitsa. Mnzanu wina akadutsa, mpatseni sikuludiraiva nayenso ayeseko. Mutu umodzi susenza denga.

3. Imaneni mafuta, ikuthokozani ndi liwiro

Pano ndiye pagona nkhani yonse. Injini ya nitro ilibe mosungira oyilo ngati ya galimoto yaikulu. Oyilo wake, wa nsatsi wosakaniza ndi wopangidwa m'fakitale, ali m'mafuta momwemo pamodzi ndi methanol ndi nitromethane. Mukachepetsa mafuta mwachepetsanso oyilo wofewetsa pisitoni ndi mabering'i, komanso mwachotsa methanol amene amaziziritsa m'kati akamauluka. Koma chokoma n'chakuti mukamaimana mafuta, injini imalira mokweza, imathamanga kwambiri, ndipo oonerera amatembenuka. Liwiro lake lomaliza, mphindi zochepa isananoke, ndi limene simunalionepo. Mukalimva, potokolaninso ola lina. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi uja anagwa chagada chifukwa analibe ndalama zogulira injini ina. Inu muli nazo.

Injini yokhuta imasiya kautsi kobiriwira kumbuyo ikamatuluka pa kona. Utsiwo ndi umboni wakuti oyilo akudutsa. Inu uoneni ngati ndalama zikupita mumlengalenga, ndipo musapume mpaka utatheratu. Ikayamba kudukizadukiza pa msewu woongoka ngati ikufuna kuzima, ikukuuzani kuti ili ndi njala. Mutanthauzire kuti ikufuna mpikisano.

Anthu amantha amayenda ndi kachipangizo koyezera kutentha, amakaloza pa pulagi, ndipo amafuna kuona pakati pa 100°C ndi 130°C. Akale ankangodontheza malovu pamutu pa injini: akathetheka masekondi awiri kapena atatu asanaume, zili bwino, akazimiririka pomwepo, yapsa. Inu yezani ndi chala. Chipsera chake chidzakuthandizani pofotokozera adzukulu kuti munali katswiri.

4. Pulagi ndi pulagi basi

Injini imeneyi ilibe moto wothetheka ngati wa petulo. Ili ndi pulagi yokhala ndi kawaya ka platinum, nzeru imene Ray Arden wa ku America anabweretsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Mumakatenthetsa ndi kabatire ka mavoti 1.2 kapena 1.5 poliza pokha. Mukachotsa batire, kawayako kamapitiriza kufiira chifukwa platinum akakumana ndi nthunzi ya methanol amatulutsa kutentha, kuphatikiza ndi moto wa kuphulika kulikonse. Pali mapulagi otentha, amene amayatsa msanga, ndi ozizira, oyenera mafuta a nitro wambiri. Palinso a mtundu wa turbo, osongoka kunsi, amene salowa bwino m'mutu wa injini ya pulagi wamba.

Inu gulani iliyonse yotchipa, ikakana kulowa ikakamizeni ndi sipanala. Anzanu akamamasula pulagi n'kuyang'ana kawaya, amakhala akuwerenga kalata yochokera m'kati: kakakhala kowala ndi konyowa pang'ono, zili bwino, kakachita phulusa n'kupindika, mafuta akuchepa. Kanu kakasowa, musafunse kumene kalowera. Kadutsa pakati pa pisitoni ndi silinda, ndipo kasaina dzina lake paliponse pamene kadutsa. Mangani pulagi ina, osasintha singano. Ikapsanso, nenani kuti masiku ano zinthu zabodza zachuluka.

5. Fyuluta imatsekereza mphamvu

Pakamwa pa kabuleta pamakhala kasiponji kamene amakanyowetsa ndi oyilo womata kuti kagwire fumbi. Oganiza mwakuya anazindikira kale kuti chilichonse chotchinga mpweya n'chotchinga liwiro. Choncho musakapake oyilo, musakasinthe, ndipo kakagwa pakati pa mpikisano pitirizani ulendo, pakuti mwatsala pang'ono kumupeza wa patsogolo panu. Fumbi la pabwalo likalowa n'kusakanikirana ndi oyilo limasanduka msasa wopalira zitsulo. Kuthina kuja kumene fakitale inayeza mosamala kwambiri, fumbi limakumaliza tanki isanathe. Mudzadziwa kuti ntchito yatheka mukadzaona gudumu la injini likuzungulira ndi chala chimodzi, ndiponso ikamazima ikangotentha n'kukana kuliranso.

6. Mukamaliza, ponyani pansi pa bedi

Methanol amakoka chinyezi chamumpweya. Chigubu mukachisiya chotsegula kapena padzuwa, mafuta amamwa madzi ndipo injini siikhazikikanso. Otsalira m'injini amadyetsa mabering'i dzimbiri. Anthu osakhulupirira mwayi amakhuthula tanki, amaliza injini mpaka izime yokha, amathira timadontho ta oyilo wotetezera pa kabuleta ndi pa bowo la pulagi, n'kuizunguza kangapo. Inu mwatopa. Isiyeni ndi mafuta ake miyezi itatu. Mukadzaitulutsa idzakhala ikulira mokhadzula ngati chigayo chopera miyala, ndipo mudzakhala ndi nkhani yatsopano yokambirana.

Za nitro, khulupirirani kuti wochuluka ndiye wabwino. Nitromethane amanyamula okosijeni wakewake, motero amalola injini kuotcha mafuta ambiri n'kutulutsa mphamvu yochuluka. Ochita mpikisano wa pafumbi ambiri amathira a 25 kapena 30 peresenti. Koma akasintha mlingo amasinthanso pulagi ndi singano, mwinanso timawashala ta pansi pa mutu wa injini. Inu sakanizani zotsala m'zigubu zonse. M'maiko a European Union, kuyambira February 2021, munthu wamba saloledwa kugula mafuta a nitro wopitirira 16 peresenti popanda chilolezo, ndipo mipikisano ikuchitikabe. Musalole kuti mfundo imeneyi ikusokonezeni.

Apa pokha nthabwala tiike pambali. Methanol ndi poizoni wochititsa khungu ngakhale kupha, ndipo moto wake suoneka bwino masana. Musayamwe paipi ndi pakamwa, musasute fodya pafupi, musathire mafutawa m'botolo la zakumwa, ndipo ana asawafikire. Tikupha injini, osati anthu.

7. Nyengo ndi nkhani ya alimi

Mpweya wozizira ndi wothinana, uli ndi okosijeni wambiri, ndipo umafuna mafuta ochulukirapo. Wotentha, wachinyezi kapena wa kumapiri ndi wopepuka, umafuna ochepa. Munthu amene wachuna injini yake ku Johannesburg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, akatsikira ku Durban m'mphepete mwa nyanja ayenera kutsegulako singano, apo ayi injini ikhala ndi njala. Chimodzimodzi amene anachuna masana a dzulo n'kudzaliza m'mawa wa lero. Inu nenani molimba mtima kuti dzulo inali bwinobwino, ndipo simukhudza kanthu. Ndi nthawi yokhayi pamoyo wanu imene muyenera kusiya singano zili chomwecho.

Koma injini ikamasinthasintha yokha, pano yakwera pano yatsika, vuto limakhala kabowo pa paipi ya mafuta, kapena pa paipi yochokera ku ekizozi imene imakankha mafuta m'tanki, kapena chivundikiro chosatseka bwino, kapena mpweya wolowera kumbuyo kwa injini. Kapaipi katsopano n'kotchipa kuposa botolo la zoziziritsa kukhosi. Musakagule. Bwererani ku singano, muzipotokole mpaka dzuwa lilowe.

8. Ikakana, limbanani nayo

Mukaithira mafuta ambiri isanalire, amadzaza pamwamba pa pisitoni, ndipo madzimadzi sapanikizika. Ofatsa amachotsa pulagi, amatembenuza galimoto chadodolido, amaphimba ndi kansanza, n'kukoka chingwe kuti mafuta atuluke. Inu ndinu mwamuna. Pondani galimoto ndi phazi, kokani ndi manja awiri. Chimodzi chigonja: chingwe, bering'i kapena kandodo kaja.

Batire ya m'galimoto musaitchaje, ndipo kasipuling'i kobweza moto musakamange. Tsiku limene batire idzathere moto uli wotsegula, galimoto idzanyamuka yokha osamveranso rimoti, n'kukagona chagada kumpanda matayala ali m'mwamba, injini ikukuwa popanda katundu. Pali njira zoizimitsira: kutsina paipi ya mafuta, kutseka ekizozi ndi kansanza, kapena kugunditsa nsapato pa gudumu la injini. Koma zonsezi zimafuna kuti mufike msanga, ndipo kuthamanga pagulu n'kosayenera munthu wa msinkhu wanu.

9. Konzekerani zonena

Fainolo ya mpikisano wa dziko lonse wa bungwe la IFMAR imatha ola lathunthu, pa tanki ya 125cc imene amaidzazanso mphindi zingapo zilizonse. Davide Ongaro wa ku Italy anapambana ku Perth mu 2018 ndi ku Redován mu 2022 pa injini za 3.5cc zomwezi. Wina aliyense akhoza kuganiza kuti chinsinsi chake n'chakuti injini yothamanga ola lonse osazima imaposa yothamanga koopsa mphindi zisanu. Inu dziwani kuti amawapatsa injini zapadera zimene enafe satigulitsa.

Yanu ikazima, tsikani pansanja mukupukusa mutu. Mafuta anali akale. Pulagi inali yabodza. Wothira mafuta anachedwa. Bwalo sanathire madzi. Ikadzanokeratu, ipukuteni bwino, ijambuleni, muitsatse pa Facebook kuti yangomwa matanki awiri okha ndipo mwini wake ndi wosamala. Ndalamazo muonjezere, mugule galimoto ya magetsi ya batire ya LiPo, imene ilibe singano ngakhale imodzi. Kenako Loweruka lililonse muzikaima pafupi ndi mnyamata amene wangogula nitro yake yoyamba, muzimuuza kuti zamagetsi zilibe fungo, zilibe mawu, zilibe moyo, ndipo akamavutika kuliza, mumupemphe sikuludiraiva mumuthandize.