Katemera ali ndi mwini wake

Pa siteji ya Chitakale, pomwe msewu wa ku Phalombe umapatukira, mayi wina pofunafuna ndalama m'chikwama anagwetsa buku la kusikelo. Kondakitala, polemba m'madzi kuti minibasi inyamuka posachedwa, anatola bukulo nkufunsa ngati mwanayo anabayitsa katemera wa malungo.

"Katatu, kwatsala kamodzi. Ndi waulere."

"Waulere kwa inu, mayi," anatero bambo wina wa imvi amene amasenda chinanazi ndi kampeni, chipewa chili pa bondo. Anzake amangoti aphunzitsi. "Mwini wake ndi kampani ya GSK ya ku Britain. Ife tinali oyamba kumupereka kusikelo mu April 2019, Ghana ndi Kenya nkutsatira, koma umwini sunasamuke."

Mnyamata wa kabaza anaseka. "Umwini wa mankhwala? Adala, mwayamba nthabwala."

Aphunzitsi anati kampani ikatulukira mankhwala imalembetsa patenti, chikalata choletsa ena kupanga zomwezo kwa zaka 20. Sichikhala chimodzi ayi: china cha mankhwala enieniwo, china cha kapangidwe kake, mpaka mulu. Mu 2022 Moderna inatengera Pfizer ndi BioNTech kukhoti polimbirana zikalata za katemera wa Covid-19. India ndi South Africa anapempha bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO mu October 2020 kuti zikalata zoterezi ziyambe zaima. Yankho, loperewera, linadza mu June 2022, ife titaika kale maliro.

"Ndiye ndi mbava basi!"

"Ugwire mtima, mwana wanga. Malamulo a WTO omwewo amalola maiko osauka ngati lathu kusalabadira patenti za mankhwala mpaka 2033. Nanga fakitale ya katemera ili kuti? Ku Makata? Ku Kanengo?"

Wa kabaza anangokanda m'mutu. Amayi ogulitsa zinanazi, amene ndimayesa kuti sakumvetsera, anayankha akuwerenga chenji: "Sing'anga amakupatsa muzu atausinja kale, kuti mtengo wake usaudziwe."

Kwa ine, amayiwa ndiwo analasa. Chikalata chimatha, koma luso la kapangidwe limatsala m'manja mwa eni ake. GSK inavomera mu 2021 kuphunzitsa kampani ya Bharat Biotech ya ku India kupanga katemera wa malungoyu, ntchito ya zaka zingapo, koma msanganizo womupatsa mphamvu, wotchedwa AS01, inausunga yokha. Ndipo aphunzitsi anaonjeza kuti mu msanganizowo mulidi mtengo: khungwa la Quillaja wa ku Chile.

"Sungamere m'phiri lathuli?" anafunsa wa kabaza, akuloza ku Mulanje ndi chibwano.

"Kaya, mwina. Koma khungwalo ukalisenda ukalipereka kwa ndani?"

Mnyamatayo asanayankhe, munthu wonyamula thumba la ufa anamukodola, iye nkupalasa kulowera ku Boma.