Mapanga awiri avumbwitsa, nanga limodzi?

Makolo amene anati mapanga awiri avumbwitsa sankasunga mayina a alimi a mtedza mu laputopu. Akanakhala kuti ankatero, mwambiwu akanauikira mchira. Nkhani yake tonse tikuidziwa. Mvula yam'peza munthu m'phiri, phanga lili uku, lina lili uko, iye m'malo molowa limodzi wayamba kuthamangira uku n'kubwerera uko kufuna labwino, mpaka madzi chuchuchu pakati pa mapanga awiri ouma bwinobwino. Ankhoswe amaukonda mwambiwu akamaweruza bambo amene wapezeka ndi khomo lina kuseri kwa msika.

Kuno ku Mchinji mwambiwu sitinaumverepo chiyambire. Munthu wa m'malire amayenda ndi makwacha a mitundu iwiri m'thumba, a kuno ndi a ku Zambia, ndipo mtengo wosinthira tsiku limenelo amaudziwa asanasukusule n'komwe. Foni yake ndi ya masimu awiri: netiweki ya kwathu ikathawa, ya ku Chipata ili pomwepo. Mtengo wa soya ukagwa pa Kamwendo kapena kwa Mkanda, iye amadziwa kwina kokagulitsa, ndipo si nthawi zonse pamene njira yake imadutsa pa nyumba yokongola ya pa malire a Mwami ija, imene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegulira mu Disembala 2022. Maliro akagwa tsidya lino amalira, akagwa tsidya linalo amaliranso, poti abale ali konsekonse. Anthu a mapanga awiri enieni, ndipo sindinaone akuvumbwa.

Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu akafika pa kompyuta amasanduka mwana womvera makolo. Phanga limodzi basi. Mlembi wa kopaletivi ali ndi mayina a mamembala, amene anatenga mbewu pangongole, amene anabweza ndi amene akuti anabweza. Mphunzitsi ali ndi mayeso a teremu yonse. Mnyamata wobena nyimbo ndi mafilimu pa boma chuma chake chonse chili m'makina amodzi ofuchirira fumbi. Onsewa akhulupirira kabokosi kamodzi kotchedwa hard drive, kamene ambiri sanakaonepo ndi maso.

M'kabokosimo muli timbale tosalala ngwee timene timazungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi, tina ka 7,200. Pamwamba pake pamayandama kamutu kowerenga ndi kulemba, kosakhudza mbale, koma mpata wake ndi wochepa moti kachidutswa ka fumbi n'kakakulu kuposa mpatawo. Hard drive yoyamba, imene a IBM anatulutsa mu 1956, inali ndi mbale 50, inkalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo chithunzi chimodzi cha pa chinkhoswe chojambulidwa ndi mafoni alerowa chikanatsala pang'ono kuidzaza. Imeneyo inali yabwino chifukwa palibe akanaikweza pa kabaza. Ya masiku ano timaiponya m'chikwama isanazime bwino, n'kuikweza pa njinga yamoto mumsewu wa mabampu, kenako magetsi n'kuithimira ili pakati polemba. Imapirira zaka ndithu. Tsiku lina m'mawa mukuyatsa, sikirini yakuda, mawu a Chingerezi akuti "No bootable device", ndipo mkatimo mukumveka tche, tche, tche.

Apa ndi pamene makolo amabwezera. Mwambi umene tinaunyoza kukadali dzuwa umayamba kugwira ntchito mvula ikagwa, chifukwa chimene chimatsiriza hard drive yodwala ndi kuthamanga nayo mapanga. M'mawa ili kwa wokonza mafoni, amene akuiyatsa ndi kuizimitsa kambirimbiri kuti amve bwino phokosolo. Masana ili kwa mlamu amene anachitako za makompyuta, iye akuti muiike mufiriji usiku wonse, anaona pa YouTube. Ikatuluka m'menemo yachita thukuta, chinyezi chalowa pamene sichiyenera kulowa. Wina akuti imenyeni pang'ono m'mbalimu, wailesi yake inachira choncho. Ndiye pali katswiri wa sikuludiraiva, amene amaitsegula pabenchi la pamsika mu Okutobala, kamvuluvulu akudutsa, kuti "tingoona chavuta n'chiyani akulu". Akaona, ndiye kuti zatha. Kamutu kaja kakakhala kuti kakukhula mbale, kuyatsa kulikonse kumapala pamene pali mayina a alimi aja, ndipo chimene chapalidwa sichibwerera ngakhale mutapita nayo kwa ndani.

Koma woopsa kuposa onsewa ndi mnyamata waulemu, wodziwadi ntchito, amene amakulandirani ndi manja awiri. Mukabwerako madzulo akumwetulira: "Bwana, yatheka. Ndaifomata, ndaikamo Windows yatsopano, panopa ikuthamanga." Ikuthamangadi. Mwafunsa za mafayilo, iye akuti simunanene. Ndipo akunena zoona, inu munangoti siikuyaka.

Chimene chimapulumutsa ndi kukhala pansi. Yambani mwaizimitsa. Kenako mvetserani ngati ikulira kapena ili chete, poti si matenda onse amene ndi a imfa. Nthawi zina kachingwe kangosomoka ndi mabampu aja. Nthawi zina hard drive ili bwinobwino, yadwala ndi Windows kapena bolodi ya laputopuyo. Kuti mudziwe, lowani mu BIOS poyatsa, muone ngati kompyutayo ikuitchula dzina. Ngati ikuiona, ndipo palibe kulira kwachilendo, mwayi ulipo. Mutha kuyatsa makinawo ndi Ubuntu ya pa fulashi m'malo mwa Windows, kapena kuchotsa hard drive yonse osaitsegula, n'kuilumikiza ku kompyuta ina ndi kachingwe ka SATA kopita ku USB. Mafayilo akaoneka, musayambe kuonera zithunzi za ku nyanja. Koperani kaye chimene chingakumangitseni chikasowa.

Ikakhala kuti ikuwerengeka mwa apo ndi apo, odziwa sayamba ndi kusaka fayilo imodziimodzi. Amakopera hard drive yonse kupita pa ina yabwino, yofanana kukula kapena yoposerapo, ndi pulogalamu yaulere yotchedwa ddrescue. Nzeru yake ndimaikonda: imatenga kaye zonse zosavuta, malo ovuta n'kuwadumpha, kenako n'kudzabwerera kukalimbana nawo pamapeto, kuti wodwalayo akatsirizika pakati pa ntchito zambiri zikhale zitatuluka kale. Zikatero yodwala ija imapuma, ntchito yonse imachitikira pa kope.

Ngakhale amene anafomatidwa mwaulemu uja asathamangire kukhuza maliro. Kufufuta fayilo, kapena kufomata kwachangu kuja, kuli ngati kung'amba tsamba m'kaundula wa anyakwawa: dzina lachoka, koma munthuyo akadali m'nyumba mwake akudya nsima, mpaka tsiku limene malo akewo adzapatsidwe kwa wina. Choncho chilichonse chimene mwaikamo pambuyo pake, kaya ndi Windows, kaya ndi nyimbo, kaya ndi pulogalamu yomweyo yofufuzira mafayilo otayika, chikulanda malo a zimene mukuzifunazo. Mapulogalamu ngati TestDisk ndi PhotoRec, amene anapanga Mfalansa wina dzina lake Christophe Grenier, ndi aulere, ndipo amayenda khomo ndi khomo kusaka otsala. Zopezekazo muzisunge pena, osati pomwepo. Izi ndi za hard drive ya timbale. Malaputopu atsopano okhala ndi SSD m'malo mwa timbale amasesa okha malo a zofufutidwa, moti kumeneko chiyembekezo n'chochepa.

PhotoRec ili ndi khalidwe lake. Imabweza mafayilo koma mayina sibweza. Mumalandira zikwizikwi za zinthu zotchedwa f kenako manambala ataliatali, ndipo kuti mupeze ndandanda wa ngongole muyenera kutsegula chimodzichimodzi. Imabwezanso mosasankha. Zimene munafufuta dala zaka zapitazo, muli ndi zifukwa zanu zomveka, zimatulukira limodzi ndi malipoti a kopaletivi. Ntchito imeneyi musaigwire komiti yonse itakuzungulirani.

Yolira tche tche ija ndiye ilibe mankhwala a pamsika. Imafunika kutsegulidwa m'chipinda chosefedwa mpweya, anthu ovala zophimba pakamwa n'kusintha kamutu kaja ndi kena kochokera mu hard drive ya mtundu womwewo. Malo otere aliko ku Johannesburg, koma mtengo wake ukhoza kuposa wa laputopu yomweyo, ndipo sakulonjezani kanthu. Apa mpamene munthu amazindikira kuti mafilimu a ku Nigeria amene anali m'menemo sanali ofunika kwenikweni.

Tisadzinyoze kuti n'zakumudzi. Mu 1998 ku America, a kampani ya Pixar ali mkati mopanga filimu ya Toy Story 2, munthu wina analemba lamulo lolakwika pa kompyuta, gawo lalikulu la filimuyo n'kufufutika anthu akuona. Atathamangira kumene ankasunga makope anapeza kuti makinawo anali atasiya kale kugwira bwino ntchito, popanda woona. Anawapulumutsa ndi mayi Galyn Susman, amene anali ndi mwana wakhanda ndipo ankagwirira ntchito kunyumba, choncho anali ndi kope pa kompyuta yakunyumbako. Anakaitenga pagalimoto ataikulunga m'mabulangete. Kampani ya akatswiri okhaokha inapulumukira kuchikuta.

Wojambula zithunzi wina, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi enawo. Kwa ife sizovuta kumva, ndi zomwe timachita kale ndi ndalama, masimu ndi misika. Fulashi imodzi igone kunyumba kwa msungichuma. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, ndipo mayina a alimi sadya bandulo ngati mavidiyo a pa Facebook. Ngakhale kudzitumizira fayiloyo pa WhatsApp kuli bwino kuposa kungokhala. Chokhacho, phanga lachiwirilo likhaledi lachiwiri. Ndamvapo anthu akudziguguda pachifuwa kuti iwo amasunga zonse kawiri, pa C ndi pa D, osadziwa kuti kawirikawiri C ndi D ndi zipinda za nyumba imodzi, denga likagwa zimagwera limodzi. Ena fulashi ali nayo ndithu, koma imakhala m'chikwama chomwecho cha laputopu, kuti wakuba wa mu minibasi ya ku Lilongwe asavutike kubwera kawiri.

M'magulu ambiri akumudzi phanga lachiwiri lilipo kale, kungoti achinyamata amaliseka. Ndi agogo aja amene anakana kusiya kope lawo lachikuto cholimba, amene amalemba ndi bolopeni aliyense wotenga mbewu n'kumudinditsa chala, laputopu ili potero ikuwala. Hard drive ikafa, mlembi amapita yekha, chipewa m'manja: "Agogo, kope lija mukadali nalo?" Agogo sayankha msanga. Amalowa m'nyumba, kufukula pansi pa matiresi, kumasula jumbo yoyamba, yachiwiri, n'kumupatsa akuyang'ana kumbali. Zonse zilimo, kuyambira chaka chimene gulu linayamba, kupatula tsamba la mwezi wa Julayi, limene agogo aamuna anapichirira chingambwe.