Njovu ya mawilo anayi ndi mame a pa M12

Agogo athu amene anati "ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame" sanaionepo Toyota Sienta. Komabe ndikukhulupirira kuti akanaima theka la ola pa Kamwendo tsiku la msika, akanangogwira chibwano n'kunena kuti, "Si izi tinkanena zija?"

Mwambiwu ngwa anthu olawirira. Amene anadzukapo mbandakucha kupita kudimba amadziwa kuti mame amanyowetsa wapansi, woyamba kudutsa m'kanjira ka udzu. Wokhala pamwamba miyendo yake imakhala youma, ndipo akakhalitsa pamenepo amayamba kudabwa kuti kodi anzakewa akudandaula chiyani kunja kuli bwinobwino chonchi.

Kwathu kuno ku Mchinji kanjira ka udzuko kanasanduka M12, msewu wochokera ku Lilongwe kudzera pa Namitete ndi pa Kamwendo, kufika pa Boma patatha makilomita pafupifupi 110, n'kukathera pa chipata cholowera ku Zambia pa Mwami. Mame ake ndi amakono. Mu Okutobala ndi fumbi lolowa m'mano. Mu Januwale ndi madzi a m'dzenje amene tayala la galimoto limakuwaza kuyambira kuphazi mpaka m'khutu. Chaka chonse ndi hutala, imene oyendetsa matakisi ena amaiona ngati imagwiranso ntchito ya mabuleki: ukaliza, wamaliza mbali yako, zotsalazo ndi za wanjingayo ndi Mulungu wake.

Pali mphwanga wina, mwana wa azakhali, amene ndamuona ndi maso angawa akukwera njovu. Anayamba ndi kabaza wa njinga yakapalasa, yokhala ndi kakhushoni kofiira pakeliyala ndi belu lolira ngati la sukulu. Masiku amenewo akabwera madzulo nkhani inali imodzi: madalaivala. "Achimwene, anthu aja alibe umunthu. Amationa ngati ife ndi nkhuku. Lero wina wandipititsa m'munda wa mtedza ndi mayi woyembekezera kumbuyo." Tinkamumvera chisoni, n'kumuwonjezera mtanda wa nsima.

Anasunga ndalama n'kugula njinga yamoto. Apa mawu anasintha pang'ono: a njinga zakapalasa anayamba kukhala "ochedwetsa anthu". Kenako anapeza layisensi, ndipo wamalonda wina wogula soya anamupatsa makiyi a Sienta. Sabata isanathe ndinakwera galimoto yakeyo, ine kutsogolo, tako limodzi pampando, lina pa handibuleki, pakuti galimoto ya anthu 7 kwathu kuno imawerengedwa mwa masamu ena. Kutsogolo kwathu kunali bambo wachikulire akupalasa pang'onopang'ono ndi thumba la chimanga. Mphwanga uja analiza hutala motalika ngati wapeza mkwatibwi, natulutsa mutu pazenera.

"Madala, msewu ndi wa ambuyanu?"

Bamboyo, uku akulimbana ndi handulo m'mphepete mwa phula modyekadyeka muja, anangoyankha kuti, "Nanga ndiuluke, mwanangu?"

Ndinamukumbutsa za munda wa mtedza uja. Anandiyang'ana ngati ndikunena za munthu wina amene anamwalira kalekale. "Achimwene, inu simukudziwa. Anthu awa salipira kanthu pamsewu. Ine ndimalipira inshuwalansi, COF, ndiye mafuta aliwonse amene ndathira muli msonkho wokonzera misewu. Iyeyu walipira chiyani? Mpweya wa m'tayala?"

Za msonkhozo sananame. Mu mtengo wa mafuta mulidi gawo lopita ku thumba la misewu. Chimene anaiwala n'chakuti malamulo apamsewu safunsa lisiti. Amene ali patsogolo pako ali patsogolo pako, ndipo ukafuna kumupitirira umadikira mpata n'kumusiyira malo, kaya wakwera Prado kaya Humber ya malemu agogo ake. Komanso thumba la chimanga lija ndi lomwe likagulitsidwa limabala ndalama yokwerera Sienta. Nditamuuza zimenezi, mphwanga anangokweza wailesi.

Ndisamunyoze kwambiri. Njovuyo si yake. Dzuwa likamalowa mwini wake amafuna ndalama imene anapangana, kaya kunali okwera kaya kunalibe, kaya atrafiki anali pamalo atatu. Pa siteji pali anzake khumi akulimbirana munthu mmodzi wa chikwama. Munthu wotere akaona njinga kutsogolo saona bambo wa ana asanu, amaona mphindi ziwiri zimene mnzake wa Sienta yoyera akatolere okwera pa Waliranji. Pamsana pa njovu pali zoluma zakenso. Koma kuluma kwa nsabwe sikufanana ndi kupondedwa.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti Sienta si njovu n'komwe. Njovu zenizeni ndi mathiraki aja opita ndi kuchokera ku Zambia, amene amadutsa pa chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami chimene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira mu Disembala 2022. Thiraki ikatulukira kutsogolo itatenga pakati pa msewu, Sienta imazindikira kuti ndi mbawala chabe. Imathawira kumanzere, komwe kuli wanjinga. Wanjinga amathawira m'fumbi, komwe kuli mayi wosenza dengu la tomato, n'kumulizira belu mwaukali womwewo umene iye wangolandira kumene: "Mayi, simukumva?" Mayiyo amalumphira mu udzu n'kukalipira mwana amene akumutsatira. Mwanayo amagenda galu. M'dongosolo lonseli amene saopa munthu ndi mbuzi yokha, imene imagona pakati pa phula ngati inalipira msonkho wa zaka khumi.

Ndiye kuti wanjinga nayenso ali ndi kanjovu kake, ndipo ife apanjinga (inenso ndili nayo yanga, ya tcheni chogwa pa chitunda chilichonse) tisadziyeretse. Ndani sanakumanepo usiku ndi njinga yopanda nyale, yopanda kagalasi konyezimira kumbuyo, mwini wake atavala jekete lakuda ngati akupita kokaba nkhuku? Dalaivala amamuona atatsala mikono iwiri. Pali wina amene mabuleki ake ndi patapata wopondetsa pa tayala. Pali wonyamula malata kapena chitseko chopingasa, njinga n'kukhala yotambalala kuposa Sienta imene akuidandaulayo. Pali wa matumba atatu a makala amene kumbuyo sakuonako, ndipo akafuna kukhota amangokhota, poganiza kuti aliyense m'boma lino akudziwa kuti kwawo ndi pa mtengo wa mango uja. Kutambasula dzanja kuti anzako adziwe kumene ukulowera n'kwaulere, koma timakuumira ngati mchere wa m'chaka cha njala.

Mukawoloka malire nkhani ndi yomweyo, ndalama yokha ndiyo yasintha nkhope. Chipata ndi mzinda wa njinga kuyambira kale. Kumeneko ndiko kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle. Mayiko onse awiri timayenda kumanzere, chilankhulo ndi chimodzi, moti wanjinga wa ku Mchinji akatukwanidwa ku Chipata safuna womasulira.

Mame anamupeza mphwanga kumapeto kwa 2024, pamene mafuta anasowa m'dziko muno, magalimoto n'kumagona pamizere ya pa filing'i siteshoni. Sienta inamuthera mafuta panjira, kutali ndi Boma, mvula itangokata kumene. Okwera anatsika n'kumulanda ndalama zawo, aliyense ndi mawu ake. Anamva kuti kutsogolo kuli munthu wogulitsa petulo wa m'zigubu, koma wapansi sakanafikako dzuwa lisanalowe. A njinga zamoto nawonso anali pamzere. Chimene chinkayenda tsiku limenelo ndi chimene chimayendera nsima.

Ndinamupeza ine ndikuchokera kumunda pa njinga yanga, iye ataima m'mbali mwa msewu ndi chigubu cha malita 5, akukweza dzanja mwaulemu umene ndinali ndisanauone pa iye chilandirireni makiyi. Ndinamufunsa ngati akufuna kuona inshuwalansi yanga asanakwere. Sanaseke. Anakhala pakeliyala, popanda khushoni, chigubu pamiyendo.

Tisanapite patali kumbuyo kunamveka hutala, yaitali, ya munthu amene wapeza mafuta ndipo akufuna dziko lonse lidziwe. Ndinayesa kupatuka koma m'mphepetimo munali matope okhaokha. Sienta ina inatidutsa pafupi moti galasi lake linatsala pang'ono kutenga chigubu, tayala n'kumenya m'dzenje, madzi ofiira onse pa shati yoyera ya mphwanga. Anatsala pang'ono kundigwetsa poimirira.

"Iwe! Ukutiona ngati nkhuku? Tiuluke?"

Galimoto inali itapita kale. Anakhalanso pansi, akupukuta matope m'khutu, ndipo tinayenda kamtunda ndithu osayankhulana. Pa chitunda tcheni chinagwa monga mwa nthawi zonse. Anatsika yekha osauzidwa, nagwada m'matopemo, n'kuchibwezera ndi zala ziwiri mofulumira kuposa mmene ine ndimachitira.