Ziyankhulo ziwiri ndili nazo, koma Chipwitikizi chikundikana

Akatswiri amati wodziwa ziyankhulo ziwiri savutika kuphunzira chachitatu. Mu 1994, Jasone Cenoz ndi mnzake anapeza kuti ana asukulu a chigawo cha Basque ku Spain, odziwa chiyankhulo chakwawo ndi Chisipanishi, ankaposa pa Chingerezi anzawo odziwa Chisipanishi chokha. Nkhaniyi inayenera kundivinitsa, poti nanenso ndili nazo ziwiri: Chichewa choyamwira ndi Chingerezi cha pa satifiketi ya MSCE. Koma kuno ku Mwanza, Zobue wa ku Mozambique ali pamphuno pomwepa, Chipwitikizi changa chimathera pa moni, ndipo moniyo akayankhidwa motalika ndimangomwetulira.

Sindikuti akatswiriwo ananama. Taonani amene amachitola msanga Chipwitikizicho: anyamata osintha ndalama pa boda, amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, madalaivala odutsa ku Tete popita ku Harare ndi ku Joni. Ena mwa iwo Fomu 4 anangoyimvera kwa anzawo, koma tsiku lonse lilime lawo limadumphadumpha, uku Chichewa, uku Chinyungwe. Phindu la chiyankhulo chachiwiri lagona pamenepo. Wochigwiritsa ntchito anasekedwapo kale, manyazi anatha, ndipo khutu lake linazolowera kutola tanthauzo ngakhale mawu ena atamudutsa. Chingerezi changa n'chosiyana. Chili ngati suti ya ukwati: chimatuluka m'sutikesi pofunsira ntchito basi, ndipo chimanunkha mankhwala a njenjete. Chinakulira pansi pa cholembera chofiira cha aphunzitsi, choncho chinandiphunzitsa kuopa kulakwitsa, ndipo wamantha otere amayamba wakonza galamala m'mutu mpaka kasitomala atakwera basi.

Wina anena kuti Chinyungwe ndi Chichewa n'zapachibale, ndiye palibe chodabwitsa. Zoona, koma Chipwitikizi si m'bale wa ziwirizi. Kunena chilungamo, chimagawana ndi Chingerezi mawu ambiri ochokera ku Chilatini, kotero woyenera kutsogola pa mpikisanowu ndine, ine amene ndili kumapeto. Winanso ati anthuwa akuphunzitsidwa ndi njala, osati luso. Njala imathandizadi, koma nanenso sindidya satifiketi, ndipo mwezi ukafika pakati m'thumba mwanga mumalira mphepo kuposa mwa wosintha ndalama.

Mwayi sunatisowe. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, dziko lino linasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Mwanza analandira gawo lake. Enanso anadzafikira ku Kapise, konkuno ku Mwanza, mu 2016. Aphunzitsi anabwera okha pakhomo, osafuna fizi. Chinachitika n'chakuti iwo, ozolowera kale kusinthasintha lilime, anangotiyankhula m'Chichewa, ife ophunzirafe n'kumawakonza katchulidwe.