Ulemu kwa a Soya Pisesi, Ng'ombe ya M'pepala

Dziko lino sitidziwa kuyamika. Timatama chambo chomwe ambiri a ife timangochiona pachithunzi, timatama nkhuku yomwe imafa pokhapokha kukabwera mlendo, koma ndiwo yomwe imatisunga kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu sitinaiwombereko m'manja n'kamodzi komwe. Lero ndavula chipewa ndipo ndagwada. Zikomo a Soya Pisesi, ng'ombe yopanda nyanga, yopanda khola, yopachikidwa pamsomali mu okala iliyonse kuyambira pa Mpingu mpaka pa Nambuma.

Tiyambe ndi ng'ombe yeniyeniyo, kuti tione pomwe imaperewera. Kuno kwathu ng'ombe si ndiwo ayi, ndi ya ngolo. Imatuta chimanga kumunda, imakoka njerwa ndi mabelo a fodya, ndipo pakati pa usiku imathamangitsira wodwala ku chipatala cha Kabudula kapena ku St Gabriel ku Namitete. Munthu wanzeru zake sangaiphe chifukwa cha nkhuli ya Lachiwiri madzulo. Nyama yake timailawa pa ukwati, pa maliro, pomanga chiliza, mwinanso pa Khirisimasi. Kunena mosapita m'mbali, kuti mudye ng'ombe pamafunika wina akwatire kapena wina amwalire. A Soya Pisesi safuna zonsezo. Iwo amabwera popanda wolira, popanda ankhoswe, ndipo mbava za ng'ombe sizinathyolepo khola chifukwa cha iwo.

Ukoma wawo woyamba ndi changu. Taganizani za mwezi wa Januwale, pamene kubandira kwakumana ndi kuthyola fodya, mayi n'kuweruka dzuwa litalowa, msana uli wawawa, ana akusinza ndi njala pakhonde. Nyemba ndi zabwino, koma ndi zamwano. Zimafuna kuzitereka m'mawa, zimafuna mtolo wa nkhuni, chonsecho mitengo inathera ku zigafa ndi ku makala. A Soya Pisesi amapsa ngakhale pamoto wa zitsononkho. Mumawaviika m'madzi otentha pang'ono, n'kuwafinya, n'kuwakazinga ndi timafuta toyezetsa tija, anyezi mmodzi ndi tomato awiri, n'kuthira zokometsera ndi madzi a msuzi. Mwana amene mwamutuma kukabwereka mchere asanabwere, ndiwo zapsa kale.

Akatswiri enieni a ndiwo imeneyi ndi anthu a mphika umodzi: mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito, mnyamata wa kabaza wochita lendi pa Nsaru, ndi ana a sekondale odziphikira okha m'tinyumba ta kuseri kwa msika. Iwowa anatulukira nzeru yomwe sukulu za zophikaphika siziphunzitsa. Ndiwo zikapsa amazikhuthulira m'mbale, mphika osatsuka, n'kuthiramo madzi a nsima pompo. Nsimayo imatuluka yofiirira, yonunkhira msuzi, moti ndiwo zikatha msanga mbamu zotsalazo zimalowa zokha. Tsiku la malipiro amathira mpunga, tomato ndi a Soya Pisesi mumphika womwewo nthawi imodzi, n'kuvundikira. Chotsuka chimakhala chimodzi, nachonso chimadikira mawa.

Ukoma wachiwiri ndi chilungamo. Nkhuku ikaphedwa pakhomo, mtendere umathawa. Nthutumba ndi ya bambo, ndipo ikasowa pamakhala mlandu wofika kwa ankhoswe. Ntchafu ndi ya mlendo, ana n'kutsala ndi zipalapaso ndi khosi. Kwa a Soya Pisesi kulibe wamkulu, kulibe wamng'ono. Nthuli ya bambo ndi chimodzimodzi ya mwana wa sitandade 1. Agogo opanda mano amatafuna mofanana ndi mdzukulu wawo, ndipo palibe amene anatsamwidwapo ndi fupa. Wodandaula pakhomo ndi mmodzi yekha, galu, amene amadikira moleza mtima mpaka mbale zitatsukidwa, osamvetsa kuti ndi nyama yanji yomwe ilibe chomutayira.

Pa zachipembedzo ndiye musakambe. Mkatolika wa ku Nambuma amawadya Lachisanu Loyera mtima uli m'malo, chifukwa sanadye nyama. Wa Seventh Day safunsa ngati mwalowa nkhumba. Msilamu safunsa kuti wazinga ndani. Mkulu wa mpingo wa Nkhoma Sinodi ndi mkulu wa kudambwe akhoza kupisa m'mbale imodzi. Zomwe misonkhano ya mipingo yalephera kwa zaka zambiri, kapepala kamodzi kakwanitsa.

Musawaone kutchipa, mbiri yawo ndi yaitali. Soya anayamba kulimidwa ku China zaka zikwi zapitazo. Luso lomusandutsa nthuli linatchuka ku America m'zaka za m'ma 1960, kampani ya Archer Daniels Midland ili patsogolo. Opanga ake amayamba afinya mafuta, ufa wotsalawo n'kuukanikiza m'makina otentha kwambiri mpaka utuluke wofufuma, wa ulusiulusi ngati mnofu. Mbewu yake sitiitenga kutali. Pa Chitedze pomwepa, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, pomwe kafukufuku wa zaulimi anayamba mu 1948, akatswiri akhala akuyesa mitundu ya soya, ndipo mu 2011 alimi analandira mtundu wocha msanga wotchedwa Tikolore.

Apa ndi pomwe pali chozizwitsa chachikulu. Mlimi wa ku Kabudula amabzala soya, kupalira, kuzula, kumenya ndi kupeta. Venda amabwera ndi sikelo yake yomwe imadziwa mwini wake, n'kugula pamtengo wa nthawi yokolola, pamene aliyense ali ndi ngongole. Matumba amakwera lole kupita ku mafakitale a m'tauni. Pakapita miyezi, soya uja amabwerera kumudzi monga mnyamata wochokera ku Joni: wavala zonyezimira, wasintha dzina, akudzitcha ng'ombe, ndipo makolo ake omwe ayenera kulipira kuti amuone. Mlimi amagula mbewu yake yomwe kawiri, koyamba ngati mafuta, kachiwiri ngati nyama yokazinga m'mafutawo. Ndi mbewu iti ina yomwe imakumbukira kwawo chotere?

Kukhulupirika kwawo kunaoneka bwino mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nyama ya mbuzi inakwera mpaka ambiri anayamba kudutsa pa chiwaya atayang'ana kumbali. Usipa unayamba kuwerengedwa umodziumodzi. A Soya Pisesi nawo anakwerako mtengo, poti nawonso ndi anthu, koma sanatithawe.

Adani awo alipo. Ena amati alibe kukoma kwawokwawo, amangotengera zomwe mwathiramo. Kumeneko ndiye kudzichepetsa komwe timaphunzitsa ana kuchinamwali. Ena amati ukawadya umamwa madzi usiku wonse chifukwa cha mchere. Kodi azaumoyo satiuza kuti tizimwa madzi ambiri? Enanso amanong'ona kuti pakati pa usiku a Soya Pisesi amayamba kuyankhula m'bulangete. Ndi zoona, koma nyemba nazo zimatero, ndipo izo zimayamba zakuthera nkhuni. Chipongwe chachikulu chimachokera kwa alangizi, amene pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amawaika m'gulu la zanyemba osati la zanyama. Komabe alangizi omwewo amavomereza kuti pafupifupi theka la kulemera kwa nthuli zoumazo ndi chakudya chomanga thupi. Ana ambiri alemba mayeso a Fomu 4 ndi mphamvu za m'pepala lomweli.

Choncho ndikupempha mafumu a m'dera lino kuti akhale pansi, a Soya Pisesi apatsidwe mfunda ndi malo awo pabwalo. Tsiku lomwe mlimi wa soya adzagulitse thumba lake pamtengo woti n'kugula kilo ya ng'ombe Lachiwiri wamba, tidzawapumitsa pantchito mwaulemu, ndi nthungululu. Tsikulo lisanafike, inu owerenga, lekani kubisa pepala lawo mlendo akamalowa. Muuzeni zoona, mumupatse madzi asambe m'manja, adye.