Ulemu kwa Chokolo cha ku Japan

Alakatuli athu atamanda kale nyanja, phiri la Mulanje ndi mafumu amene anagona kalekale, ndipo alaliki sanatope kutikumbutsa za kupirira kwa Yobu ndi nzeru za Solomo. Koma kufikira lero sindinamvepo munthu ndi mmodzi yemwe, kaya pa guwa kaya pa bwalo la mfumu, ataimirira kunena mawu aulemu za cholengedwa chofatsa chimene chabereka mtundu wathu kumsana zaka zonsezi, ndicho kagalimoto kakang'ono kochokera ku Japan, kamene kanayamba katumikirapo mbuye wina, kamene anthu achipongwe amati kaunjika wa matayala anayi. Popeza ine ndakhala nako pakhomo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndalawa zokoma zake pamodzi ndi zowawa zake, ndaona kuti kungokhala chete kukanakhala kusayamika kwakukulu, tchimo limene makolo athu ankaliyesa loposa umbava.

Munthu akati agule galimoto, pamaso pake pamakhala njira ziwiri, ngakhale kuti kwa ambiri a ife njira imodziyo ili ndi chitseko chagalasi chimene timangosuzumirapo popita ku ntchito. Kuseri kwa galasilo kumaima galimoto zatsopano, zonunkhira pulasitiki, zimene zimadikira a boma, a mabungwe ndi eni makampani. Ndipo mphunzitsi kapena kalaliki akafunsa mtengo wake amatuluka ali chete ngati wochokera ku manda. Koma sindifuna kuti wina aganize kuti timasankha yakale chifukwa cha umphawi wokha, pakuti nkhaniyi ili ndi nzeru zake. Galimoto yatsopano ndi namwali wongotuluka kumene m'tsimba, wosadziwa dzenje, wosadziwa fumbi, amene mwini wake sagona tulo poopa kuti njinga ya kabaza ingamukande. Pamene yakaleyo ndi mayi wodziwa banja, amene anaona kale zambiri, ndipo chipsera chimodzi chowonjezera sichimuliritsa. Wogula yakale walowa chokolo, ndipo wolowa chokolo safunsa za unamwali.

Tsono taonani mmene mayiyu amakhalira wamasiye mwamuna wake ali moyo. Ku Japan kuli lamulo lakuti galimoto ikakwana zaka zitatu ipimidwe, ndipo pambuyo pake izipimidwa zaka ziwiri zilizonse, pa mtengo wowawa ndithu, kotero kuti eni ake ambiri amaona chanzeru kuisudzula ikadali ndi mphamvu zake ndi kukatenga ina. Wosudzulidwayo amapita naye ku msika wa okishoni, nakwezedwa m'chombo pamodzi ndi anzake mazanamazana, nayenda panyanja milungu ingapo kufikira doko la Dar es Salaam. Ndipo pofuna kutsimikiza kuti ukwatiwu unalembedwa kumwamba, anthu a ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu monga momwe Angelezi anatisiyira ife, chiwongolero chili kumanja, mwakuti mkwatibwi amafika atadziwa kale mwambo wa kuchimuna.

Kafunsiridwe kake nako n'kophunzitsa chikhulupiriro. Monga anyamata a ku Joni ankafunsira mbeta pa kalata ataona chithunzi chokha, momwemonso ine ndinakhala usiku wathunthu ndi foni m'manja, kuyang'ana zithunzi za ka Toyota Vitz ka 2007, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, ngakhale pansi pa mipando, kufikira mtima wanga unagwa m'chikondi. Ndipo m'mawa mwake ndinapita kukatumiza madola kwa anthu amene sindinawaonepo, a m'dziko limene sindidzapondako, pogula chinthu chimene sindinachikhudze. Kodi alipo mkhristu amene anaonetsa chikhulupiriro choposa ichi? Amene akufunsira masiku ano chikhulupiriro chawo n'choposanso changa, pakuti madolawo ayamba awasaka ngati mankhwala a mtela, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mbeta imene dzulo inali ya mphunzitsi lero ikuyang'ana kwa mwini sitolo.

Kuchokera ku doko, mkwatibwi sanyamulidwa pa machira ayi. Amayenda yekha ndi miyendo yake makilomita pafupifupi 900, atamumata nambala yongoyembekezera ya IT, kudzera ku Morogoro, m'nkhalango ya Mikumi, kukwera phiri la Kitonga ndi kupitirira Iringa, m'manja mwa mnyamata waganyu amene sanagone masiku awiri, amenenso mwa chifundo chake amanyamula aliyense woimika dzanja pamsewu. Akafika pa Songwe, popeza walowera kumpoto kumene mwambo wa malowolo ndi wolimba, mkamwini ayenera kumasula thumba kachiwiri. Ndipo mosiyana ndi ukwati wa anthu, kuno malowolo amakwera mkazi akamakalamba, pakuti msonkho amauwerengera poyang'ana zaka za galimoto ndi kukula kwa injini yake. Apa m'pamene kuchepa kwa kagalimoto kathu kamasanduka dalitso loyamba. Kakatero kamatsika ku Karonga, kamakwera zikhotakhota za Chiweta kali wefuwefu, ndipo kakafika pakhomo kamakhala katabatizidwa kale m'fumbi la Afrika.

Tsiku loyamba limene ndinatembenuza kiyi, m'galimotomo munamveka mawu a mayi, ofatsa, aulemu, olankhula chinenero chachilendo, ndipo ana anga anathawa nakabisala kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinakumbukira bulu wa Balamu, ndi kudzifunsa ngati panali mngelo panjira. Patapita miyezi mnyamata wina wodziwa za mawaya anandiuza kuti mayiwo sapereka moni ndiponso salosera, koma amangokumbutsa kuti khadi lolipirira pa zipata za misewu ya ku Japan silinalowetsedwe m'kabokosi kake. Taganizani kukhulupirika kotere! Zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse, mayiyu wakhala akundikumbutsa za khadi limene ndilibe, la misewu imene sindidzayendamo, osakweza mawu, osanyanyala, osapita kukadandaula kwa ankhoswe. Pambali pake pali kagalasi ka mapu, kamene sikanavomerebe kuti tinasamuka, ndipo pamene ine ndikulimbana ndi maenje a ku Kawale, iko kamaonetsa kuti ndili pakati pa nyanja yobiriwira. Wailesi yake nayo, popeza inapangidwira dziko limene nthawi imeneyo mawailesi ankayambira pa 76 ndi kulekezera pa 90, inakana kumva nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno, ndipo kwa chaka chathunthu, ndisanaikitse kachipangizo kowongolera, inanditchinjiriza ku mikangano yonse ya andale.

Koma ukoma wake waukulu, umene ndifuna kukhalitsapo, ndi kudzichepetsa. Kagalimoto aka kanapangidwira misewu yosalala ngati mphasa yatsopano, choncho mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Ndipo palibe hampu, ngakhale yaing'ono yotani, imene kamaidutsa popanda kuigwadira. Kamafika chammbali, mwaulemu, monga mpongozi wolowa pabwalo la apongozi ake, tayala limodzi poyamba, kenaka linzake, ndipo pamapeto pake pamamveka kukhweee kumene kumalasa mwini wake mpaka m'chiwindi. Ndinapita nako kumudzi koyamba m'mwezi wa Epulo, mvula itangosiya kumene ndipo msewu utakumbika ngati mizere ya mbatata. Atsibweni anga anatuluka, nakazungulira kawiri ali chigwirire ndodo kumbuyo, nasuzumira pansi pake, ndipo anati: "Aphwanga, mwachita bwino ndithu. Koma aka ndi kamwana. Make akubwera m'mbuyo?" Mawu amenewa sanawaletse madzulo ake kulongamo matumba atatu a chimanga, dengu la mtedza, nkhuku ziwiri, azakhali ndi iwo eni, ndipo titafika pa kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi, onse anatsika, azakhali atanyamula nkhuku, atsibweni ali patsogolo kuloza ndi ndodo pamene tayala liponde, ngati Mose pa Nyanja Yofiira. Ndani wina, kupatula kagalimoto aka, angachititse mwini mbumba kuyenda pansi kutsogolera mphwake?

Za liwiro sindinena zambiri. Pa wotchi yake analembapo mpaka 180, koma amenewo ndi malonjezo ngati a pa msonkhano wa chisankho. Injini yake ndi ya 1000cc, ya masilinda atatu okha, ndipo pokwera zitunda za ku Dedza ndimayamba ndazimitsa mphepo yozizira, ndi kupempha okwera kuti aleke kuseka, kuti mphamvu zonse zipite ku matayala. Mabasi amatipitirira, malole a fodya amatipitirira, ndipo ife timaona minda, mapiri ndi misika ya tomato imene anthu othamanga sanaionepo. Kuthamanga si kufika.

Pa nkhani ya mafuta ndi pamene adani ake amatseka pakamwa. Kamamwa ngati mbalame, ndipo thanki yake ya malita 42 ikadzaza mwini wake amayenda modzitukumula sabata ziwiri. Amene anaona mizere ya petulo ya 2011 ndi 2012, ndi inanso imene yatibwerera kuyambira 2022, akudziwa kuti pa mzere palibe bwana: chigalimoto cha mawindo akuda chimagona pamenepo usiku wonse kumbuyo kwa ka Mira ka 660cc, ndipo eni ake awiriwo amagawana chimanga chootcha ndi mbiri ya kumene thankala yaonekera. Kusiyana kwake n'kwakuti kukacha, wa kagalimoto akapatsidwa malita khumi amapita kwawo akuimba nyimbo, pamene mnzakeyo malita khumi omwewo angonyowetsa kukhosi kwa chilombo chake.

Anthu ena amakadandaula kuti kamadwaladwala. Ine ndimati kamatidziwitsa anthu. Pakanapanda iko, ndikanawadziwa bwanji amakaniko a pansi pa mtengo wa mango ku Biwi, madokotala opanda satifiketi, amene amamva nthenda ndi khutu, nalawa oyilo ndi chala, ndi kunena mawu amodzimodzi otonthoza, akuti, "Bwana, musadandaule, ndi kasensa chabe"? Ndiwo anandionetsa dzimbiri la kunsi kwake, nandifotokozera kuti mayiyu ayenera kuti anakulira ku chigawo chozizira kumene amathira mchere m'misewu posungunula chisanu, ndi kuti matayala ofewa amene anabwera nawo anali oyendera pa chisanu chomwecho, n'chifukwa chake anatha ngati sopo pa phula lotentha la ku Salima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Pa bolodi lake pali kanyali kachikasu kooneka ngati injini, kamene kanayaka m'chaka chachiwiri ndipo sikanazimenso, monga nyali ya m'kachisi. Mmisiri wina anadzipereka kukachiza pomatapo tepi yakuda, koma ndinakana, popeza usiku kamandisangalatsa. Tayala lake lapadera ndi lopyapyala ngati la wilibala. Ndipo popeza magiya ake ndi osintha okha, batire ikafa sikalola kukankhidwa monga zinkachitira galimoto za makolo athu. Kamangokhala phee, mwaulemu wake, kufikira mwini wake atagogoda pa khomo la mnansi amene anakangana naye chaka chatha za malire a mpanda, ndi kupempha zingwe. Mabanja ambiri a m'dera lathu anayanjana chifukwa cha batire.

Kamabweretsanso abale. Ndisanagule, ndinkayesa kuti mbumba yathu ndi yaing'ono. Lero ndikudziwa kuti tili ngati mchenga wa kunyanja, ndi kuti aliyense wa ife ali ndi maliro, chinkhoswe kapena katundu wofunika kukatenga ku depoti. Pamenepa ndiyenera kuvula chipewa ndi kuleka nthabwala pang'ono, pakuti usiku wina wa mvula, nthawi itapitirira 1 koloko, anagogoda pa zenera langa bambo wa nyumba yachitatu, mkazi wake atayamba kumva zowawa za uchembere. Ndipo kagalimoto kaja, kamene m'mawa wa tsikulo kanali katakana kudzuka kawiri konse, kanalira pa kiyi woyamba, kanadutsa madzi ofika m'zitseko, kanagwadira mahampu onse asanu ndi awiri mwachangu chimene sindinakaonepo nacho, ndi kukafika pa chipata cha chipatala nthawi ikadalipo. Mwanayo tsopano ali ku sukulu ya mkaka, ndipo akandiona amaloza kagalimotoko ndi kunena kuti n'kake.

Chaka chino mwana wanga wamkulu, amene wayamba kudziona ngati wodziwa zinthu, wandiuza kuti kampani ya Toyota inasiya kale dzina la Vitz mu 2020, kuti ku Japan komweko tsopano amati Yaris, ndi kuti munthu wa msinkhu wanga ayenera kugulitsa kameneka kwa anyamata a matakisi ndi kuyang'ana china chooneka bwino. Wadziperekanso kudula waya wa mayi uja kuti aleke kulongolola. Ndamuyankha kuti akafunse kaye kwa atsibweni, amene kuyambira ulendo uja sakwera galimoto ya munthu wina aliyense, ndipo akakhala pa mpando wakutsogolo, ine n'kutembenuza kiyi, mayi wa ku Japan n'kunena zake za khadi, iwo amavula chipewa, nawomba m'manja pang'ono, ndi kuyankha kuti: "Tadzuka bwino, mayi, kaya inu anzathu. Tiyeni mutiperekeze ku chigayo."